Ofesi ya pa Mawondo

Laputopu iyi ndinaigula kuseri kwa msika wa Kapata
kwa mnyamata wa maso othamanga,
yopanda batani la K,
batire lake losachedwa kupsa mtima.
Mtengo wake unali matumba anayi a nshawa
za amayi ku Chadiza,
ndi lonjezo loti ndidzabweza asanu.

Ntchito yanga ndi kumvetsera.
Anthu amalankhula m'mizinda imene sindinaipondepo,
ine ndimalemba zonse, liwu ndi liwu,
kutsokomola kwawo komwe,
ndi pamene aiwala chimene amafuna kunena.

Miyezi itatu yoyamba
ndinali wogulitsa tomato
pa tsiku limene aliyense wabweretsa tomato.
Makalata makumi anayi ndi awiri ndinatumiza.
Yankho limodzi: pepani.
Bandulo inkasungunuka ndili chiyang'anire.

Woyamba kundilemba ganyu anandidyera masuku pamutu.
Mausiku asanu, masamba makumi asanu ndi limodzi,
kenaka dzina lake linazima
monga azimira magetsi kuno ku Mchini,
osatsazika.
Ndinachapa zovala zoyera kale.
Kuchokera tsikulo ndimati: theka patsogolo, bwana,
theka lina mukalandira.

Mlongo wanga Gelevaziyo amanyamula anthu pa njinga.
Ankabwera madzulo malaya atamatirira kumsana,
nkundipeza pomwe anandisiya m'mawa.
“Iwe Tisiyenji, thukuta lako lili kuti?
Munthu angalime atakhala pansi?”
Sindinkayankha. M'makutu mwanga munali mzungu
akufotokoza za matenda a nkhosa.

Koma Lachinayi lina, ntchito itatsala masamba asanu ndi atatu,
nthawi itatsala maola awiri,
magetsi anati thii.
Gelevaziyo sanafunse kanthu.
Anapukuta mpando wakumbuyo ndi chipewa chake,
tinaoloka tauni ngati tikuthamangitsa wodwala kuchipatala,
laputopu ili pachifuwa m'chitenje,
mpaka ku Kalongwezi, kwa mnzake wometa wa sola.
Ndinamaliza nditakhala pakati pa tsitsi la anthu,
makina akulira pa khutu langa.
Ndinatumiza kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi.

Loweruka foni inalira kamodzi.
Madola makumi awiri ndi asanu.
Zelipa wa pa kanyumba kotapira ndalama
anawerenga makwacha kawiri, nkundiyang'ana:
“Wakutumizira ndani, mwamuna?”
Ndinati ayi, zala.
Ndinagulira njinga tayala latsopano.

Tsopano makasitomala ndi anayi.
Mmodzi ndi mayi wa kudziko lozizira
amene amayamba kalata iliyonse ndi kufunsa za mvula.
Tsiku limene ndinakweza mtengo
dzanja linanjenjemera pa batani lotumizira,
ndinatuluka, ndinayenda mpaka kuona phiri la Kanjala lonse,
pobwera ndinapeza walemba: chabwino.
Wina anachoka. Apite.

Si mwezi uliwonse umene umabala.
Wa Juni unali wouma ngati chitsa,
msana umawawa, maso amalasa,
palibe penshoni, palibe wondipatsa tchuthi ndikadwala.
Komabe matumba asanu aja anafika ku Chadiza,
ndipo mwana wa aneba, Dailesi,
amabwera masana kudzaphunzira kuika zala.
Amalemba mochedwa. Amamva bwino kuposa ine.

Atate atabwera kudzandiona
anazungulira chipinda ndi maso,
bedi, mbaula, ndowa, mpando umodzi.
“Nanga ofesiyo ili kuti?”
Ndinawaonetsa mawondo anga.
Anaseka mpaka kukhala pansi,
kenaka anapempha zomvera m'makutu,
anamvetsera nthawi yaitali, nkunena:
“Nkhosa zakezo akuzidyetsa molakwa.”

Batani la K sindinalikonzebe.
Ndimakopa chilembocho kwina, nkuchimata pamene chikufunika:
pa kasitomala,
pa kwacha,
pa kucha kumene kumandipeza ndili maso.