Kumanga Diso

Bokosi lidafika Lachiwiri masana,
fumbi la msewu wa ku Liwonde lili mbuu pamsana pake.
Mayi Asiyatu adatseka mawindo onse a labotale
nathimitsa fani, mu Okutobala, ku Mangochi kuno!
Ati fumbi ndi mlendo wosagogoda.

Tidayala nsalu yoyera patebulo.
Thunthu lachitsulo, lolemera ngati mwana woyamba kuyenda.
Khosi lake lopindika.
Kampando kosendera uku ndi uku.
Magalasi anayi, lililonse m'kabotolo kake,
ali phee ngati mazira a njiwa.

"Twaibu, usapumirepo."
Mpweya ndidaugwira. Thukuta silimva lamulo:
lidatsetsereka pamphuno, ndidaliwakha ndi phewa.

Bambo anga ankakonza mawotchi
pakhonde la sitolo, kumaso kwa msika,
diso lina lotsinzina, lina lili m'kagalasi.
Ankati chala chothamanga chimaliza sikuluwu.
Lero zala zawo zalowa m'zanga:
pota pang'ono, bwerera, mvetsera,
mpaka mazinga alonjerane okha.

Kasikuluwu kena, kochepa kuposa njere ya mawere,
kadalumpha. Tii!
Kenako zii.
Tidagwada tonse awiri pasimenti,
digiri ya mayi ikutiyang'ana ili pakhoma,
kumzikiti akuitana anthu ku swala ya masana.
Tidakwawa mpaka kuseri kwa firiji
pomwe iko kadakhala chete
mumpendero wa buluku langa.

Titangoika babu, magetsi adathima.
Tidadya chinangwa panja, osayankhulana.
Adabwera cha m'ma folo.

Kuwala kudakwera m'khosi muja,
kudakhota pa kalilole, kudafika.
Miyezi iwiri, wina wa diso ili, wina wa ilo,
yokana kugona nyumba imodzi.
Ndidasendeza, ndidanyengerera,
mpaka idasanduka mwezi umodzi.
Choyamba kuona m'makina odula chonchi
zidali nsidze zanga zomwe.
Mayi adaseka mpaka kugwira tebulo,
kenaka adadzikalipira okha poligwedeza.

Ndiye dontho la m'botolo nambala 47,
mwana wa kwa Chimwala, sitandade folo.
Ndidapota. Chifunga.
Ndidapotanso. Chifunga chokhachokha.
Ndidabwerera m'mbuyo kachidutswa ka tsitsi,
ndipo ilo:
dzira lowulungika, loyera ngati lopanda mlandu,
kaminga kamodzi kunsonga.

Likodzo.

Tili ana tinkapikisana kuseri kwa sukulu
tikachoka kosambira ku Shire.
Wokodza zofiira kwambiri ndiye wakula,
ndiye mwamuna.
Ine ndinkapambana.
Usiku ndinkaluma bulangete, osauza munthu.

Zaka makumi awiri tikuyenderana,
lero ndi pomwe taonana nkhope.

"Waona chiyani?"
"Mnzanga wakale, mayi."
"Muwerenge. Ulembe."

Ndidawerenga khumi ndi atatu.
Ndidalemba, cholembera chikuterera m'thukuta.
Tidaliveka chipewa chake diso latsopanolo,
ndipo pamenepo, pokhapo,
mayi adati nditsegule windo limodzi.