Tinjira ta Kuseri kwa Mtima

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndagawa makalata
m'mapiri a Valparaíso,
ndipo ndikudziwa chimene mapu sanena:
msewu waukulu sufika pakhomo pa munthu.
Basi imakutula m'munsi, pafupi ndi doko,
kotsalako ndi masitepe,
tinjira tokhotakhota pakati pa nyumba za malata,
pomwe awiri akakumana wina amayenda cham'mbali.

Lachiwiri lija ndinagwa pa sitepe ya makumi anayi,
chikwama chili paphewa,
chifuwa ngati wina wachikhalira.
Anandilowetsa kawaya padzanja ili,
n'kutsegula mtsempha umene unatsekeka,
n'kusiyamo kachitsulo kolukaluka kuti usatsekekenso.
Herminia, mkazi wanga, anawomba m'manja m'khonde.
Amvekere basi, zatha.

Dokotala Olavarría sanawombe nawo.
Anatembenuza kanema kuti ndione ndekha.
Apa, anatero, magazi akudutsa bwinobwino.
Koma kuseri kwake kuli timitsempha
tochepa kuposa tsitsi la khanda,
tosaoneka pa chithunzi ichi,
ndipo ndi timeneto timadyetsa mnofu wa mtima.
Tinathiramo madzi amchere ozizira, n'kuwerenga nthawi.
Akuchedwa, bambo Cárcamo.
Tina tatupa, tina tadzaza zinyenyeswa.
Mmenemo chitsulo sichingalowe.

Ndinaseka mpaka namwino anacheuka.
Ndinati mayi, imeneyo ndi ntchito yanga:
thumba lafika ku positi
koma kalata sinafike kwa mwini wake.

Ndiye anakoka mpando wa alendo
n'kuyala zosankha pabulangeti ngati makobidi.
Pali mtsempha wachiwiri, wapanikizika koma sunatseke.
Tiikemo chitsulo sabata ino, kapena tiyambe tauyeza?
Pali piritsi lamphamvu loletsa magazi kuundana,
koma inu muli ndi chilonda chakale cham'mimba.
Lofatsa lilipo, nalonso silibwera laulere.
Palinso kafukufuku, ngati mungafune kulowamo,
ndipo sindingalonjeze kuti wopindula mudzakhala inu.
Ndinafunsa, mukanakhala inu?
Anati ndikuuzani kumene ndikupendekera ndi chifukwa chake,
koma masitepe anuwo ine sindikwera.

Usiku umenewo sindinagone.
Herminia ankafuna zonse zichitike mawa lomwe.
Nibaldo, pa foni kuchokera ku Antofagasta,
ankati ababa musalole kukugwiraninso.
Pawindo nyali za m'phiri zinkazima imodzi imodzi,
ine n'kumazitchula maina:
ya wosoka nsapato, ya alongo awiri osayankhulana,
ya mayi Eduvigis kumapeto kwenikweni,
kumene kanjira kamathera pakhoma.
Ndinaika dzanja pachifuwa.
Kodi kuno nyali zazima zingati?
Ndi zingati zangophethira, zikudikira munthu agogode?

Kutacha ndinasankha piritsi lofatsa.
Mtsempha wachiwiri ndinati auyeze kaye.
Kafukufuku ndinasainira,
ndinazolowera kale kunyamula makalata amene si anga.
Herminia sanandiyankhule mpaka masana,
kenako anandisendera lalanje, mwaukali.

Lero papita miyezi itatu.
Mapiritsi asanu ali m'kambale ka buluu pafupi ndi ketulo.
Lolemba ndi Lachinayi ndimapalasa njinga yosachoka pamalo,
mtsikana wina akundiyang'ana nkhope ngati wotchi.
Zam'katimu sindikuzidziwa.
Ati chithunzi china adzajambula kukazizira,
mwina tina tatseguka, mwina pangotsala chipsera.

Dzulo ndinakwera mpaka pa sitepe ija, n'kukhala pansi.
Galu wa kunyumba yachikasu anandinunkha nsapato.
Anatulukira Yerko, mnyamata amene anatenga chikwama changa,
thukuta lili kamukamu, akubwerera pakona.
Ndinati kwa mayi Eduvigis wafika?
Ati n'kutali, ndi kalata imodzi yokha, ipita mawa.

Ndinatambasula dzanja.
Ipatse kuno.