Wasiya Banzi

Lachisanu ku Iowa, dzuwa likukana kulowa.
Bwalo la bezibo ndi laling'ono, mabenchi ndi amatabwa.
Ndakhala pafupi ndi Bambo Hruska,
amene akulemba zigoli ndi pensulo
m'kabuku kothimbirira ndi thukuta la zaka makumi awiri.

"Usayambe kuonera usanadye," akutero, osandiyang'ana.
Ndiye ndatsikira kwa Darlene wa pakawindo,
manja ake ali ufa wokhawokha.
Wandipatsa nyama ya nkhumba yomenyedwa mpaka kuphwatalala,
yokazinga, yotambalala ngati chipewa cha mlimi,
kabanzi kali pakati ngati batani lamanyazi.
Nkhaka zowawasa zitatu,
mpiru wachikasu ukutsetserekera kuchigongono.
Ndayambira m'mbali, kuluma mozungulira,
banzilo ndilifika mawa.

Mnyamata wa ku Venezuela akuponya mpira ngati wayambana nawo.
Chibonga chaphonya. Chaphonyanso.
Akuti amagona kwa mayi wina wamasiye kuseri kwa tchalitchi,
kudikira lamya ya kumzinda waukulu
imene anzake ambiri saimva ikulira.

Phwaa!
Mpira wakwera, wadumpha mpanda,
wakagwera m'munda wa chimanga,
ana asanu aliyatsa liwiro kukausaka.
Ine sindinauone ukunyamuka,
ndinali kupukuta mafuta pamalaya.

Tagonja, zisanu kwa ziwiri.
Palibe amene nkhope yagwa.
Bambo Hruska atseka kabuku, apachika pensulo kukhutu,
asuzumira m'mbale yanga yapepala:
"Wasiya banzi.
Ndiye kuti ubweranso."