Chiwaya ku Lunyangwa

Ku Taifa ndinayesa zitofu ziwiri m'manja,
zonse za gasi, za miyendo yopinda.
Wogulitsa anati, "Tengani chopepukachi."
Ndinatenga cholemera.
Mphepo ya ku Mzuzu ndimaidziwa.

Tsopano pansi pa mapaini
tenti yanyowa mbali imodzi.
Sangwani wagwada, watchinga ndi jekete lake.
Ndakhwatcha machesi katatu, osayaka.
Kachinayi, vuu!
lawi labuluu lakumbatira chiwaya.

Mafuta alira.
Anyezi, kabichi, kambuzi muwiri,
nyama yopyapyala ngati chikwama pakati pa mwezi.
Ndikutembenuza msangamsanga,
mwendo wa chitofu ukumira m'matope,
Sangwani akuuchirikiza ndi mwala.

Nkhungu yatsika, yatibisira damu.
Tikudyera m'chiwaya momwemo, choimirira,
zala zikupsa,
misana ikuzizidwa.