Kamzere pa Shafiti

Kachitatu mwezi uno
minibasi ya Sofiliano yabwerera ku Biwi ikudontha,
madontho akuda kuchokera pa Mchesi mpaka pageti pathu.
"Masilo anu ndi achinyengo!"
Akukalipa injini asanazimitse n'komwe.

A Kamphambale sakuyankha.
Akumaliza kaye chinangwa chawo chootcha,
kenako andilozera pansi ndi chibwano.

Ndagona chagada pakatoni.
Ndamasula pule, ndasolola silo ya sabata yatha,
yatsopano ndithu, mlomo wake wosang'ambika.
Nanga oyilo akudutsa pati?

"Bweretsa chala."
Agwira dzanja langa ngati la mwana wa sitandade wani,
ayendetsa chikhadabo changa pashafiti
pang'onopang'ono,
ndipo chakodwa.
Kamzere kozungulira, kochepa ngati tsitsi limodzi,
koti maso anga anakadutsa kawiri konse.

"Wadya chitsulochi ndani?"
Ndati mwina dzimbiri.
Aseka mpaka kutsokomola.
"Labala, mphwanga.
Labala yemweyu umapinda ndi zala ziwiri,
iye ndi fumbi la ku Chinsapo,
zaka zisanu ndi zitatu akunyambita malo amodzi.
Uike silo khumi, oyilo saiwala khwawa lake."

Atsuka ndi petulo.
Sandipepa wosalala amuzunguliza ngati lamba,
osati chotsika, osati chokwera,
mpaka chitsulo chawala ngati ndalama yatsopano.
Ayeza. Ayezanso, milomo ikuwerenga yokha.
Andituma kwa mayi Nasibeko a masipeya
ndi nambala yolembedwa pachikhatho changa,
ndikatenge mphete yachitsulo
yopyapyala ngati khungu la anyezi,
mtengo wake woti Sofiliano wagwira kumutu.

Pobwera ndapeza magetsi azima.
Ndaluma foni, tochi ikuwala m'kamwa mwanga.
Amata kamzere kaja, aveka mphete,
kapaipi pamwamba, nyundo yaing'ono:
go, go, go,
kuno pang'ono, uko pang'ono.
"Ukaipendeketsa wataya ndalama za mwini."
Sapuma mpaka yakhala.
Kadontho ka oyilo pamlomo wa silo,
ndipo yalowa mwakachetechete ngati ikubwerera kwawo.

Tayala katoni yoyera pansi pa injini.
"Mboni yathu ndi imeneyi, tionana mawa."

M'mawa katoni ili gwa, youma,
nyerere imodzi yokha ikuyendapo.
Sofiliano wapereka theka,
kwinako akuti Lachisanu.
Sanapepese za masilo aja.
Kondakitala wake wayamba kale kuitanira anthu
galimoto isanatuluke n'komwe pageti.

Madzulo kwathu ku Kawale
ndakhala pakhomo kuchotsa gilisi m'zikhadabo.
Dzanja langa latsikira pasimenti ya chiundo,
pamene amayi amapondapo potuluka ndi ndowa
m'bandakucha uliwonse chibadwire ine,
opanda nsapato.

Palowa.
Ndayendetsapo chala kawiri.
Amayi akufunsa m'nyumbamo ngati ndataya kanthu.