Malaya a Kachida Kanga

Pa nsanjika yachinayi ku Huaqiangbei,
pomwe mpweya umanunkha mtovu wosungunuka,
Mayi Kuang amagulitsa malaya a tizida.
Sitolo yawo ndi yopapatiza ngati lifiti.
Ndikudziwa, malifiti ndi amene ndimakonza.

Ndinatulutsa kachida kanga m'thumba la ovolosi,
kamaliseche, kopalika m'makona,
sikirini yong'aluka ngati chidendene.
"Kanagwera kuti?" anafunsa osadzutsa mutu.
"M'dzenje la lifiti ku Futian. Nsanjika ziwiri."
"Kakupumabe?"
Ndinadina batani. Kanaphethira.

Kachida aka kamamva zimene khutu silimva:
manong'onong'o a makhadi a zitseko,
kutsokomola kwa rimoti ya geti.
Kamaloweza mawu a loko
n'kumuyankha m'chinenero chake chomwe.
Kamatsegula zambiri,
koma ikoko kamafuna kutsekeredwa.

Mayi Kuang anayala katundu pagalasi.
Cha labala wofewa, chokoka fumbi ndi ulusi wa m'thumba.
Cha pulasitiki woonekera, matumbo onse pamtunda,
"ichi n'cha ana a sukulu, amakonda kudzionetsera."
China anachiumba pa makina mphwawo Zeming usiku wathawu,
mizere yake ikumvekabe kuchala,
chokongola ndithu,
koma chinatseka timabowo ta mawaya.
Ine ndimalumikiza mawaya kutacha, kutada.
Sindingamavule kachida malaya kawirikawiri
ngati khanda lonyowetsa thewera.

Dzanja langa linakatera pa chakuda,
cholimba, chaukali, chonga cha msilikali.
Mayiwo anangoti, "Chakuda m'dzenje simudzachipeza."
Sanadziwe kuti akhudza chilonda.
Mwezi watha mlonda Pang anandigwira paphewa
kunsi, kosungira magalimoto,
nditaloza kachida ku geti imene anandituma kukonza.
Ola lathunthu ndili tsonga pampando wake wapulasitiki
kudikira bwana wa nyumbayo ayankhe foni.
Pang ankangokatembenuza kachidako m'manja
ngati wagwira dzira la njoka.
Chinthu chobisika m'chikhatho, mumdima,
chimamupatsa munthu nkhope ya mbala.

Ndinasankha chachikasu,
chowala ngati jekete la osesa mumsewu,
choti aliyense achione ali patali
n'kudziwa kuti mwini wake sakubisa kanthu.

Kenako tinatizo tina.
Kagalasi koteteza sikirini anamata okha,
atagwira mpweya, lilime pakati pa mano,
akukankha timathovu ndi khadi yakubanki.
Kamodzi kanakana kutuluka, kanakhala pakona.
"Kazolowerani," anatero.
Khadi yosungira zinthu, yaing'ono ngati chikhadabo,
ndinatenga yodula. Yotchipa inandidyera kale
ntchito ya masabata atatu.
Eriyo yaitali ngati ndodo yodyera anandinyengerera nayo:
"Ndi iyi mudzamva mageti mpaka kutsidya kwa mtsinje."
Ndikamva ndiye nditani?
Mageti a eni ake ali ndi eni ake.
Ndinaibweza.
M'malo mwake kachingwe ka padzanja,
ka mayuwani atatu,
kamene kakanakhalapo kale sindikanabwera kuno.

Anati makumi asanu ndi atatu.
Ndinati asanu ndi limodzi, ndikuyang'ana sitolo yoyandikana.
Anaseka, nadula pakati,
foni yanga inalira kuti ndalama zapita.

Usiku uno ndili pamwamba pa lifiti yoima
pakati pa nsanjika ya khumi ndi ya khumi ndi chimodzi.
Pansi panga muli anthu anayi ndi galu,
wina akuimbira mkazi wake kuti asadikire.
Girisi m'manja, tochi m'kamwa.
Kachida kaseleleka m'zala monga kale,
mtima wanga n'kuti phwii,
koma kangolendewera padzanja, lende lende,
kachikasu mumdima,
kathovu kaja kali phee pakona.