Mabokosi Awiri pa Kapata

Anafika mvula itangokata, matope a ku Mchini ali kumapazi,
foni ataikulunga m'kansalu ngati mankhwala.
"Zelipa wanga wachira ku Koreya.
Wanditumizira dzina la mdzukulu. Taonani."

Ndinaona. Mabokosi awiri opanda kanthu,
mawindo a nyumba yosamalizidwa.

Ine ndimakonza mafoni pano,
pakati pa wasalaula ndi wogulitsa maloko.
Chikoreya sindichidziwa.
Chomwe ndidziwa ndi m'mimba mwa makina:
mulibe chilembo m'menemo, muli manambala okhaokha.

Ndinawauza Amai Njobvu zimene ndinawerengapo
usiku wina magetsi atabwerera mochedwa,
kuti kumeneko sandanda zilembo pamzere ngati ife.
Amasanjikiza. Ichi kutsogolo, icho pambali pake,
china pansi kuchirikiza,
monga katundu panjinga yopita ku Mwami,
ndipo mtolo wonsewo pakamwa umatuluka kamodzi.
Mitolo yotere ipitirira zikwi khumi ndi chimodzi,
uliwonse ndi nambala yakeyake.
Makina ena amatumiza mtolo uli chimangire.
Ena amamasula, n'kutumiza zidutswa
kuti wolandira akamange yekha.

"Ndiye kuti dzina lagwera m'njira?"

Iyayi, Amai. Lafika lonse.
Lawoloka nyanja, ladutsa Luangwa, lili m'manja mwanumo.
Kungoti foni yanu yakalamba,
nambala yalandira koma nkhope yake siidziwa.

Polankhula choncho ndinakumbuka kadenga kathu
kaja kamakhala pamutu pa ŵ,
kamene makina ambiri amakasasula
ngati kamvuluvulu wa mu Okutobala,
ife n'kumangoti zilibe kanthu, timvana.

Ndinatumiza uthengawo ku foni yanga.
Mabokosi aja anatseguka.
Munali timizere, kampira kovala chipewa,
kangodya kogona pansi kunyamula anzake.

Sanafunse kuti amatchula bwanji.
Anapempha bolopeni,
natembenuza lisiti la feteleza pa thebulo langa
pakati pa mabatire otupa ndi tizitsulo,
nayamba kukopera, lilime lili pakona pa mlomo.
Anayambira pansi, ngati womanga nyumba.
Ndinafuna kuwauza kuti eni ake amayambira pamwamba.
Ndinangokhala chete.

Atatha anapinda pepalalo kanayi,
nalilowetsa m'kansalu muja munali foni.
Foniyo anaiiwala pa thebulo.
Ndinachita kuwathamangira mpaka pokwerera mabasi.